Kutentha ndi mvula ya apo ndi apo: kumvetsa uthenga wa zanyengo wa ku zilumba za Comoros

Munthu wotsatira uthenga wa zanyengo wa ku zilumba za Comoros kuyambira Disembala mpaka Malichi angaganize kuti akatswiri anaulemba kamodzi n'kumangoubwereza. Lolemba kukhala kotentha, mitambo ikwera masana, mvula igwa apo ndi apo. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachisanu awonjezerapo mabingu, basi. Kutentha kumangozungulira pa madigiri 30 kapena 31 masana, ndipo usiku sikutsika kwenikweni kupitirira 23 kapena 24. Uthenga wotere munthu amautopa, ndipo akautopa amasiya kuumvera. Vuto lake n'lakuti pakati pa masiku ofananawo pamabisala tsiku limodzi losiyana ndi anzake, ndipo amene anasiya kumvera ndi amene tsikulo limamupeza ali pamadzi.

Tasankha kukamba za zilumba zimenezi chifukwa nyengo yake ndi yathu n'zapachibale. Zilumbazi zili kumpoto kwa nyanja ya mchere yolekanitsa Mozambique ndi Madagascar, makilomita pafupifupi 300 kuchokera kugombe la Mozambique. Zilipo zinayi: Ngazidja, komwe kuli likulu la Moroni, Nzwani, Mwali ndi Maore. Zitatu zoyambazo zinalandira ufulu wodzilamulira mu 1975, pomwe Maore, yomwe ambiri amaidziwa kuti Mayotte, ikadali m'manja mwa France. Anthu ake pafupifupi onse ndi Asilamu ndipo chiyankhulo chawo n'choyandikana ndi Chiswahili. Mutatenga mapu n'kuyika chala pa Likoma, kenako n'kuchiyendetsa molunjika kum'mawa mtunda wa makilomita 900 ndi kanthu, chingakafike pa zilumbazi. Dzuwa lomwe limatiima pamutu cha kumapeto kwa Okutobala limawaimanso iwo m'masabata omwewo.

Kashkazi ndi kusi

Anthu a ku Comoros amagawa chaka potengera mphepo. Nyengo yotentha ndi yamvula amaitcha kashkazi, dzina la mphepo yochokera chakumpoto yomwe imaomba kuyambira cha mu Novembala kapena Disembala mpaka Epulo. Nyengo yozizirirako amaitcha kusi, mphepo yochokera chakumwera, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Msodzi wa ku Makanjira kapena ku Nkhotakota safunika kumufotokozera zambiri apa: kusi ndi mwera wathu uja, kashkazi ndi mbale wake wa mpoto. Ndi mphepo zomwezi zimene zinkayendetsa zombo za matanga pakati pa Arabia, Zanzibar, Kilwa ndi zilumbazi. Amalonda ankatsika kumwera ndi kashkazi, n'kudikira kusi kuti iwabwezere kwawo.

Chimene chimatembenuza mphepozi ndi dzuwa. Pali mzere wozungulira dziko pomwe mphepo za kumpoto ndi za kumwera zimakumana, ndipo zikakumana zilibe kolowera koma kukwera m'mwamba. Akatswiri amautcha ITCZ. Mzerewu umatsatira dzuwa: miyezi ya Juni ndi Julaye umakhala kutali kumpoto, ndipo pofika Januwale umakhala utatsika kudzagona pamwamba pa Zambia, Malawi, kumpoto kwa Mozambique, Comoros ndi kumpoto kwa Madagascar. N'chifukwa chake Januwale ndi mwezi wa mvula yochuluka ku Moroni monga momwe ulili m'madera ambiri kwathu kuno. Kusiyana kwake n'kuchuluka. Moroni amalandira mvula yoposa mamilimita 2,500 pachaka, pomwe ku Mangochi zaka zambiri siifika ngakhale 1,000.

Chifukwa chake masiku amafanana

Chilumba chaching'ono chimamvera nyanja yochizungulira. Madzi satentha msanga ndipo sazizira msanga. M'nyengo ya kashkazi madzi a pamwamba pa nyanjayo amakhala pa madigiri 28 kapena 29 usana ndi usiku, sabata ndi sabata. Mpweya wodutsa pamadzi oterewa umatenga kufunda kwake, choncho chilumba sichingatenthe kufika 40 monga zimachitikira ku Nsanje mu Okutobala, komanso sichingazizire usiku. Wolemba uthenga akalemba 30 tsiku lililonse sikuti ndi ulesi. Nyanja ndiyo yakhazikitsa nambalayo.

Koma madigiri 30 a pachilumba amasautsa kuposa momwe nambala ikuonekera, chifukwa cha chinyontho. Mpweya wofunda umasenza nthunzi yambiri, ndipo digiri iliyonse yowonjezera imauthandiza kusenza nthunzi yochulukirapo ndi magawo 7 pa 100 alionse. Thupi la munthu limadzizizira ndi thukuta, koma thukuta limaziziritsa pokhapokha likauma. Mpweya ukakhala wodzaza kale ndi nthunzi, thukuta limangoyenderera osauma, ndipo thupi limakhalabe lotentha. N'chitungu chija timachimva kunyanja kuno mvula ikatsala pang'ono kugwa, chovala n'kumamatira kumsana ngakhale munthu ali pamthunzi. Pachilumba chitungu chotere chimatha miyezi. Ndiye pa uthenga wa pafoni mukaona manambala awiri, ina 30 ina 37, yachiwiriyo ndi kutentha komwe thupi likumva chinyontho chikawerengeredwa. Kwa okalamba, makanda, amayi oyembekezera ndi odwala mtima, nambala yofunika kuiyang'ana ndi yachiwiriyo.

Mvula nayo ili ndi ndondomeko yake ya tsiku ndi tsiku. M'mawa kumacha koyera. Dzuwa likakwera, nthaka imatentha msanga kuposa madzi, mpweya wa pamtunda umapepuka n'kuyamba kukwera, ndipo kamphepo ka kunyanja kamalowa kuchokera mbali zonse za chilumba kudzatenga malo ake. Timphepo timeneti timakakumana pakati pa chilumba, pomwe nthawi zambiri pali phiri. Ku Ngazidja kuli phiri la moto la Karthala, lotalika mamita 2,361. Mpweya wachinyontho ukamakwera phirilo umazizira, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 alionse, ndipo nthunzi ija imasanduka timadontho. Pofika cha m'ma 10 koloko phiri limakhala litavala mtambo. Apa pali chinthu chimene ambiri sadziwa: nthunzi ikamasanduka madzi imatulutsa kutentha komwe inatenga pochoka panyanja. Kutenthako kumapangitsa mtambo kukwererabe, kukoka mpweya wina pansi pake, ndi kukula wokha. Mtambo womwe m'mawa unali ngati thonje umafika masana utada pansi, mutu wake uli makilomita oposa 10 m'mwamba. Nthawi ya Dhuhr ikamadutsa, mvula imakhuthuka.

Mtambo umodzi wotere sukhalitsa. Kawirikawiri pakatha theka la ola kapena ola limodzi umakhala utadzizimitsa wokha, chifukwa mvula yomwe ikugwa imatsitsa mpweya wozizira womwe umatseka njira ya mpweya wofunda wokwera. M'lifupi mwake ndi makilomita ochepa chabe. Mudzi umodzi umanyowa, woyandikana nawo anthu akuyanikabe zovala. Mawu akuti "apo ndi apo" akutanthauza zimenezi.

Usiku zinthu zimatembenuka. Nthaka imazizira, madzi amakhalabe ofunda, ndipo kamphepo kamatsika kuchokera kumtunda kupita kunyanja. Tsopano mitambo imakulira pamwamba pa madzi, ndipo m'bandakucha mvula imatha kugwa kugombe. Ife a m'mbali mwa nyanja ya Malawi timazidziwa bwino izi, pakuti nyanja yathu ndi yaikulu mokwanira kuchita zomwezo: mphezi zong'anima pakati pa nyanja usiku wonse m'dzinja, ndi mvula ya m'mamawa yopeza anthu akutuluka kumzikiti.

Phiri limagawanso mvula mokondera. Mbali yoyang'anizana ndi mphepo imanyowa, mbali ya kuseri imauma, chifukwa mpweya ukadutsa pamwamba pa phiri umatsika utataya kale madzi ake. Chitsanzo choonekeratu chili pa chilumba cha Réunion, kum'mawa kwa Madagascar. Kumapiri a kum'mawa kwake kuli malo olandira mvula yoposa mamilimita 10,000 pachaka, pomwe kugombe la kumadzulo, mtunda wosakwana makilomita 50, kumalandira cha m'ma 500. Pachilumba chomwecho, pa 7 ndi 8 Januwale 1966, malo otchedwa Foc-Foc analandira mamilimita 1,825 m'maola 24, mvula yochuluka kwambiri yomwe inayezedwapo pa tsiku limodzi padziko lonse. Choncho uthenga umodzi wolembedwa m'dzina la chilumba chonse sungakhale woona pakhomo la aliyense.

Manambala a mu uthenga

Ambiri timakhumudwa ndi nambala ya mwayi wa mvula. Foni ikati 60 peresenti, ena amamva kuti mvula igwa maola ambiri a tsikulo, ena amamva kuti igwa yamphamvu. Zonsezi ayi. Tanthauzo lake n'lakuti pa masiku 10 okhala ndi mpweya, chinyontho ndi mphepo ngati za lero, pamalo anuwo mvula imagwa masiku 6. Masiku 4 otsalawo imagwa kwa anzanu. Ikakuphonyani, akatswiri sananame. Ntchito yawo si kuombeza. Amayeza kutentha kwa madzi, kulemera kwa mpweya ndi liwiro la mphepo, amaona mitambo kudzera pa setilaiti, ndipo kompyuta imawerengera komwe zinthu zingalowere. Angathe kunena molondola kuti lero mpweya wapsa, mitambo ya mabingu ibadwa. Chomwe sangathe ndi kuloza mudzi womwe mtambo wa makilomita asanu ukaime.

Nambala ya mamilimita ndi yosavuta, ndipo ku Ngazidja ndi nkhani ya moyo. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Denga la mamita 10 m'litali ndi 5 m'lifupi, likalandira mvula ya mamilimita 20, limatsitsa malita 1,000, ndiye kuti zigubu 50 za malita 20. Chilumba cha Ngazidja, ngakhale chimalandira mvula yonse ija, chilibe mtsinje woyenda chaka chonse. Nthaka yake ndi miyala ya chiphalaphala cha phiri la moto, yoboka ngati sefa, ndipo madzi akagwa amalowa pansi nthawi yomweyo. Mabanja ambiri amadalira mathanki a simenti osunga madzi a padenga. Kwa iwo mvula ya masana ija ndiyo chitsime. Ikachedwa, mavuto amafika msanga: mu 2023 chilumba cha Mayotte chinakumana ndi chilala chomwe chinachititsa kuti m'mipopi muzituluka madzi tsiku limodzi pa masiku atatu alionse.

Kwa woyenda pamadzi, mbali yofunika kwambiri ya uthenga ndi yomwe imabwera kumapeto, anthu atayamba kale kucheza: mphepo ichokera kuti, pa liwiro lanji, ndipo mafunde atalika bwanji. Pakati pa Nzwani ndi Mayotte pali mtunda wa makilomita pafupifupi 70, ndipo anthu amawoloka pa timaboti totchedwa kwassa-kwassa, nthawi zambiri usiku komanso todzaza mopitirira muyezo. Anthu ochuluka amira panjira imeneyi pa zaka zapitazi. Boti lotere silifuna namondwe kuti ligubuduke. Mtambo wamba wa mabingu umakwanira, chifukwa mpweya wozizira wotsika ndi mvula uja ukagunda pamadzi umamwazika ngati chimphepo chadzidzidzi, ndipo umafika mvula isanafike. Nyanja yomwe inali bata imawinduka m'mphindi zochepa. Asodzi athu a chilimira amachidziwa chizindikiro chake: kamphepo kozizira kosayembekezeka kochokera komwe kuli mtambo wakuda. Mphezi nayo ili ndi muyezo wake. Ikang'anima, werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Pamadzi, munthu wa m'bwato ndiye chinthu chachitali kuposa china chilichonse pafupi.

Tsiku losiyana ndi anzake

Madzi ofunda omwe amabereka mvula ya masana ndi omwenso amabereka namondwe. Pamafunika madzi osachepera madigiri 26 kapena 27, mitambo ya mabingu yambiri yosonkhana pamodzi osabalalika usiku, ndi mphepo za m'mwamba zosaidula mutu. Pamafunikanso mtunda wokwanira kuchokera pa mzere wa pakati pa dziko, chifukwa kuzungulira kwa dziko ndi kumene kumapotoza mphepo kuti iyambe kuzungulira, ndipo pafupi ndi mzerewo mphamvuyi kulibe. N'chifukwa chake anamondwe samafika kawirikawiri ku Zanzibar kapena Mombasa, koma amazunza Madagascar, Mauritius ndi Mozambique. Nyengo yawo m'chigawo chathu imawerengedwa kuyambira pa 15 Novembala mpaka pa 30 Epulo.

Amene anapatsidwa udindo wolondola anamondwe a chigawo chino ndi ofesi ya Météo-France ya ku Réunion, ndipo nthambi za zanyengo za maiko, kuphatikizapo yathu, zimagwiritsa ntchito zomwe ofesiyi yapeza. Chimphepo chimapatsidwa dzina liwiro lake likafika makilomita 63 pa ola. Likafika 118 chimatchedwa namondwe weniweni, ndipo kuyambira 166 ndi namondwe wamphamvu kwambiri. Maina amakhala atasankhidwa kale ndi maiko a m'chigawochi. Choncho mu uthenga mukangomveka dzina, dziwani kuti nkhani yasintha, ngakhale mawu ena onse akadali akale aja a kutentha ndi mvula ya apo ndi apo.

Zilumba za Comoros zimatetezedwa ndi Madagascar. Anamondwe ambiri ochokera kum'mawa amagunda chilumba chachikulucho n'kufooka pamapiri ake. Chitetezo chimenechi chili ndi kuipa kwake, chifukwa pamapita zaka zambiri popanda choopsa, ndipo anthu amamanga ndi kukhala ngati sichidzabwera. Koma nthawi zina namondwe amalambalala nsonga ya kumpoto kwa Madagascar n'kulowa ali ndi mphamvu zake zonse. Zinatero mu Epulo 2019, pomwe Kenneth anadutsa pafupi ndi kumpoto kwa Ngazidja usiku wa pa 24, n'kugwetsa nyumba ndi mbewu, ndipo pa 25 anakagunda Cabo Delgado ku Mozambique, patangopita masabata asanu ndi limodzi chichitikireni Idai.

Zinateronso pa 14 Disembala 2024. Namondwe Chido anadutsa pa Mayotte ndi mphepo yoposa makilomita 200 pa ola, woopsa kuposa onse amene anafika pachilumbacho m'zaka 90. Chenjezo linaperekedwa ndithu, ndipo linakwera mwa ndondomeko yake: lachikasu, lalalanje, lofiira, kenako lapepo, lomwe limalamula kuti ngakhale opulumutsa anthu asatuluke. Komabe anthu ambiri a m'nyumba za malata zomangidwa m'mapiri sanapite kumalo othawirako. Malipoti anati ena sanakhulupirire kuti zifika pamenepo, ndipo ena, omwe analibe zikalata zokhalira pachilumbacho, ankaopa kuti akagwidwa. Midzi yathunthu ya malata inaphwasuka m'maola ochepa. Ife tikuona kuti apa sayansi inachita mbali yake. Chinasowa ndi chikhulupiriro pakati pa wochenjeza ndi wochenjezedwa, ndipo chimenecho sichimangidwa tsiku la namondwe.

Tsiku lotsatira, pa 15 Disembala, Chido anafika kugombe la Mozambique pafupi ndi Pemba. Pa 16 anali atalowa m'Malawi, atafooka koma akadali ndi mphamvu zosasula madenga, ndipo miyoyo inatayika. Kuchokera ku Mayotte kudzafika kwathu anatenga masiku awiri okha. Apa ndi pomwe uthenga wa zilumba zakutali umasanduka wathu. Sikuti namondwe aliyense wodutsa kumeneko amatifika, ndipo amene anatipweteka kwambiri, Freddy wa mu Malichi 2023, anadzera kumwera, ku Quelimane. Koma banja la ku Mangochi, Machinga kapena Salima likamva dzina la namondwe likutchulidwa limodzi ndi Mayotte, Comoros, Nacala kapena Pemba, lili ndi tsiku limodzi kapena awiri oti likoke bwato kumtunda, lichotse usipa pathandala, limange denga, ndi kukambirana komwe ana ndi agogo akagone madzi akakwera.

Pali zizindikiro ziwiri zomwe zimanyenga anthu a pazilumba. Choyamba ndi kuyera kwa kumwamba. Namondwe akakhala patali, mpweya wotsika m'mbali mwake umatha kuchotsa mitambo ya masiku onse ija, ndipo tsiku loti mawa afika limatha kucha lowala ndi lotentha modabwitsa. Chomwe chimaulula ndi nyanja: mafunde ataliatali, obwera mwapang'onopang'ono popanda mphepo yowakankha, chifukwa mafunde amathamanga kuposa namondwe yemwe wawapanga. Chachiwiri ndi diso la namondwe. Likamadutsa, mphepo imaleka mwadzidzidzi, mwina ndi dzuwa lomwe kuoneka, ndipo anthu amatuluka kukatola malata. Pakapita mphindi zochepa kapena ola, mphepo imabwerera ndi ukali womwewo kuchokera mbali ina, n'kupeza zomwe zinagwedezeka kale.

Namondwe akapita, uthenga umabwerera ku mawu ake akale, kutentha ndi mvula ya apo ndi apo, koma mawuwo amakhala ndi kulemera kwina kwa banja logona pansi pa lona. Mvula ya mamilimita 20 yomwe inkadzaza thanki tsopano ikugwera pamphasa. Nthaka ya m'mapiri a Nzwani, yomwe mitengo yake yambiri inadulidwa, ikakhuta madzi imatha kugumuka ndi mvula wamba ya masana. Zimbudzi zosefukira zimaipitsa zitsime, ndipo zithaphwi zofunda zimaswa udzudzu pasanathe masabata awiri. N'chifukwa chake a zaumoyo ku zilumbazi amapitiriza kutsatira uthenga wa mvula mpaka mphepo ya kusi itayamba kuomba mu Meyi.